KAMBA WA PAULENDO: THUMBA LOTSEKA MPWEYA SI FULIJI

Masiku ano m'masitolo a m'tauni mwaculuka timatumba ta pulasitiki totseka ngati zipi. Amai ambiri m'makomboni ayamba kulongeramo kamba wa paulendo monga nkhuku yokazinga, mpunga, soseji ndi mazira ophika. Amafinya mpweya wonse, ena amacita kuuyamwa ndi kapaipi, natseka thumba, ali ndi cikhulupiriro cakuti cakudyaco cidzakhala bwino masiku awiri kapena atatu. Cikhulupiriro cimeneci ncolakwa, ndipo cingathe kugoneka banja lonse m'cipatala.

Njira iyi imakondedwa ndi anthu a ku America ndi ku Ulaya amene amayenda pansi m'mapiri masiku ambiri atabereka cola kumsana. Koma iwo amayamba aumitsa cakudya cao gwa, ndipo akafika pogona amathirapo madzi owira. Cimene cimasunga cakudyaco ndi kuuma kwake. Nchito ya thumba ndi kuteteza ku cinyontho, fumbi ndi nyerere basi.

Cakudya cofewa ndi nkhani ina. Pali kacirombo kochedwa Clostridium botulinum kamene mbeu zake zimapezeka m'dothi ndi m'matope a m'mitsinje. Mbeu zimenezi sizifa msanga ndi kuphika kwa masiku onse, ndipo zimamera pamalo ponyowa, pofunda ndi popanda mpweya. Zikamera zimatulutsa poizoni woopsa amene amafooketsa minyewa. Cotero munthu amene wacotsa mpweya m'thumba la nyama yofewa, naliika m'cola pa basi yotentha, wakonzera kaciromboka nyumba yabwino. Mu 1963 ku America anthu anafa atadya nsomba zowamba zimene zinatsekedwa m'mapaketi opanda mpweya ndi kusungidwa pamalo posazizira.

Coipa cina ndi ici: tizirombo tambiri timene timanunkhitsa cakudya timafuna mpweya. Mpweya ukacotsedwa, fungo locenjeza limacedwa kumveka. Cakudya cimaoneka bwino, mphuno sinena kanthu, koma poizoni angakhale alimo kale.

Nzoona kuti matenda a botulism sacitika kawirikawiri. Ofala ndi kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo thumba siliteteza kwa amenewanso. Bungwe la World Health Organization limalangiza kuti cakudya cophika cisakhale pamtunda kupitirira maola 2, pakuti tizirombo timaswana msanga pakati pa madigiri 5 ndi 60. Tsono ulendo wa basi kucokera ku Lusaka kufika ku Chipata ndi makilomita oposa 550, ndipo umadzera m'cigwa ca Luangwa kumene m'mwezi wa October kutentha kumafika madigiri 40. Wopita ku Nakonde amakhala m'njira nthawi yaitali koposa apo.

Ena adzati, nanga soseji ndi nyama za m'sitolo sizitsekedwa comweco? Inde, koma zimakhala m'fuliji kufikira tsiku logulidwa, ndipo pa paketi pamalembedwa kuti zisungidwe pozizira. Zikacoka m'fuliji ndi kulowa m'cola, citetezo cimeneco catha.

Makolo akale anali kudziwa bwino kamba woyenera. Nshawa zokazinga, cimanga cokazinga, kapenta youma, mfutso ndi nyama youma gwa ndizo zoyenera kulowa m'thumba lotseka mpweya, ndipo m'menemo zimakhalitsadi. Zokazinga zizizire kaye zisanatsekedwe, cifukwa nthunzi imabweretsa cinyontho ndi cuku. Nsomba zowamba zogulidwa panjira, ngati zikali zofewa mkati, zisatsekedwe m'pulasitiki. Zikulungidwe m'pepala loyera, ndipo pofika kunyumba ziphikidwe mpaka kuwira bwino. Nkhuku ndi mpunga zidyedwe kumayambiriro kwa ulendo, zotsala zitayidwe. Thumba limene latupa lokha litayidwe osalawa nkomwe. Thumba limene munali nyama yaiwisi lisagwiritsidwenso nchito.

Mabanja adziwenso zizindikiro. Botulism imayamba kawirikawiri patapita maola 12 mpaka 36. Wodwala amaona zinthu ziwiriziwiri, zikope zimagwa, kukamwa kumauma, kumeza ndi kulankhula kumavuta, koma thupi silitentha. Pambuyo pake kupuma kumalephereka. Munthu wotere asasungidwe kunyumba poganiza kuti walodzedwa. Athamangire naye kucipatala, pamodzi ndi onse amene anadya naye, ndipo cakudya cotsalaco acinyamule. Wotsegula m'mimba apatsidwe ORS msanga, makamaka ana ndi okalamba.

Thumba lotseka mpweya ndi cida cabwino pa zinthu zouma. Amai wokonza kamba adzifunse funso limodzi asanatseke: kodi cakudya ici cingakhale pa thebulo tsiku lonse osaonongeka? Ngati yankho ndi iai, ndiye kuti m'thumbanso cidzaonongeka.