Glasgow iyambe ndi nyale, makamera adikire lamulo

Mu May 2008 mayi wina anaphedwa m'paki ya Queen's Park, yomwe ili pafupi ndi Shawlands, kummwera kwa mzinda wa Glasgow ku Scotland. Zithunzi za makamera a CCTV zinathandiza pa kafukufuku wa apolisi, ndipo mu 2009 khothi linagamula kuti wakuphayo akakhale kundende moyo wake wonse. Chilungamo chinaoneka, koma mayiyo anali atapita kale.

Sitikunyoza makamera ayi. Mu 2013 mzindawu unalandira mapaundi 24 miliyoni kuchokera ku boma la UK, ndipo zina mwa ndalamazo zinakhazikitsira Glasgow Operations Centre, kumene anthu amakhala tcheru usana ndi usiku kuonera makamera mazanamazana. Mwini golosale wa pa Kilmarnock Road akathyoleredwa, amafuna umboni, ndipo nkoyenera kuti aupeze.

Koma tamvani zimene amayi anapempha mu 2021, apolisi atatseka misewu pa nthawi ya msonkhano wa COP26 nkuwadutsitsa m'paki ya mdima ya Kelvingrove. Anapempha nyale, ndipo pempholo linakhudzanso Queen's Park. Munthu amayenda mtima uli m'malo akamaona kumene akuponda, komanso akadziwa kuti akakuwa wina amva.

Chotidetsa nkhawa kwambiri ndi lamulo. Ku England ndi Wales, Protection of Freedoms Act ya 2012 inabweretsa ndondomeko yoyendetsera makamera a m'misewu. Ndondomekoyo sinafike ku Scotland. Ofesi ya Scottish Biometrics Commissioner, yomwe inadza ndi lamulo la 2020, imalondoloza apolisi, osati makamera a makhonsolo. Chikhalirecho, Police Scotland ikufuna makina ozindikira nkhope za anthu akungodutsa. Mu 2019 bungwe la NIST ku America linapeza kuti makina ambiri otere amasokoneza kwambiri nkhope za anthu akuda ndi a ku Asia. Taganizirani Mmalawi amene waweruka usiku kosamalira okalamba, akudikira basi pa Shawlands Cross: walakwanji kuti nkhope yake ifananizidwe ndi za anthu osakidwa?

Nyumba ya malamulo ya Scotland ku Holyrood iyambe yakhazikitsa lamulo lonena momveka amene angaone zithunzizi, masiku amene zisungidwe, ndi kumene wolakwiridwa angakadandaule. Lamulolo lisanabwere, makina ozindikira nkhopewo asayatsidwe, ndipo khonsolo iike nyale m'njira zodutsa mu Queen's Park.