Njinga ya injini ikamapukusa mutu, si ufiti ayi

Ndiloleni danga pa tsamba lanu la makalata kuti ndilankhulepo pa nkhani imene inatsala pang'ono kundipititsa kumanda, ndipo ndikhulupirira kuti ikuopseza anthu ambiri m'midzi mwathu muno. Ndikunena za njinga zakapalasa zimene masiku ano anthu akumaziika kainjini kuti zisanduke njinga zamoto za munthu wosauka.

Ine ndine mphunzitsi wamkulu wopuma pantchito, ndipo mawondo anga anatopa nawo mapedulo. Chaka chatha ndinatapako ndalama za penshoni n'kugula kainjini kochokera ku China, kaja timasakaniza petulo ndi oilo. Pa bokosi analemba 80cc, ngakhale kuti ambiri mwa mainjini oterewa kukula kwake kwenikweni ndi 66cc. Mnyamata wina wokonza njinga anandimangirira kainjiniko pa njinga yanga yakale, imene yanditumikira kuyambira ndili pa choko. Ndinakondwa ngati mwana, osadziwa kuti walira mvula walira matope.

Tsiku lina ndikuchokera ku msika wa Lizulu, nditamanga thumba la feteleza la makilogalamu 50 pa kaliyala, ndinafika pamtsetse. Liwiro litakwera, handulo inayamba kupukusa uku ndi uku ngati mbuzi yokana chingwe. Chifukwa cha mantha ndinakanikiza buleki ya kutsogolo mwamphamvu, ndipo pozindikira ndinali m'ngalande, nthiti zikuwawa, feteleza ali mbwee m'tchire. Ndinagona pa mphasa masabata atatu.

Bambo Mkonzi, chimene chandilembetsa kalatayi ndi mawu a anthu amene ankabwera kudzandizonda. Ena ankati, "Aphunzitsi, alipo wakutcherani, njinga sivina yokha." Ena mpaka anayamba kutchula mayina a anthu osalakwa. Ine ndinakana. Nditapezako bwino ndinaitana mkulu wina amene wakonza njinga kwa zaka zambiri, tinakhala pansi pa mtengo wa mango, n'kuiyeza njingayo chiwalo ndi chiwalo. Mfiti tinaipeza, koma inali khosi la njinga lokhwepa, masipoko anayi ofooka, ndiponso thumba langa lomwe lija. Zimene ndinaphunzira tsikulo ndafuna ndigawireko anzanga, pakuti safunsa anadya phula.

Choyamba, yang'anani khosi la njinga, pamene foloko imalowa mu felemu. Gwirani buleki ya kutsogolo, ikani chala pa khosipo, ndipo mukankhe njinga kutsogolo ndi kumbuyo. Mukamva kuti gobede gobede, dziwani kuti khosi lakhwepa. Masulani nati ya pamwamba, mangani chomangira cha pansi pake pang'onopang'ono mpaka kugogodako kutha, kenaka mumangenso nati ija. Mukatero nyamulani wilo la kutsogolo m'mwamba, muone ngati handulo ikugwera yokha kumanzere ndi kumanja mosakakamira. Ikamakakamira ndiye kuti mwamangitsitsa, kapena timipira tachitsulo ta m'katimo tadyeka, ndipo tifunika tatsopano ndi girisi. Kunjenjemera kwa injini kumamasula manati amene pa njinga wamba akadakhala chaka osagwedezeka.

Chachiwiri ndi habu. Gwirani tayala pamwamba, mulikankhire kumanzere ndi kumanja. Wilo labwino limazungulira momasuka koma silisewera cham'mbali. Likamasewera, makoni a pa ekiselo afunika kumanga, ndipo ngati akumbika musawanyengerere, gulani ena. Onaninso kuti manati awiri ogwira wilo ku foloko ndi othina, ndi kuti wilo lakhala pakati penipeni pa foloko.

Chachitatu ndi masipoko ndi limu. Apa choko changa chakale chinagwiranso ntchito. Zungulitsani wilo, mutatsamiritsa dzanja pa foloko, choko chili pafupi ndi limu. Pamene choko chalemba ndi pamene limu lakhotera. Kenaka imbani masipoko onse ndi chala ngati zingwe za gitala: yolimba imalira, yofooka imangoti phwa. Pofuna kuwongola, mangani masipoko ochokera mbali ina ya habu, yosiyana ndi kumene limu lakhotera, ndipo muzipotoza pang'ono chabe nthawi iliyonse. Sipoko ikathyoka ibwezeretseni msanga, chifukwa katundu wake amagwera zinzake.

Chachinayi ndi tayala. Tayala la mpweya wochepa limapotoka pansi pa katundu ndipo limayambitsa kuvinako. M'mbali mwa tayala analembamo mlingo wa mpweya woyenera. Mulinso kamzere kozungulira pafupi ndi limu, kamene kayenera kuoneka mofanana ponseponse. Kakalowa pena n'kutuluka pena, phwetsani chubu, mukhazike tayala bwino, mupopenso. Chizolowezi chathu chosoka tayala long'ambika kapena kulimanga ndi mphira chisiyidwe pa njinga ya injini.

Chachisanu ndi foloko yeniyeniyo. Imani chapatali, muiyang'ane njinga cham'mbali. Miyendo ya foloko iyenera kutsika molunjika ndi khosi isanakhotere kutsogolo. Ngati yabwerera kumbuyo, njingayo inagundapo chinthu. Foloko yopindika kapena yong'aluka si yowongola ndi mwala kapena pa moto ayi, chitsulocho chinafooka kale. Mangani chingwe kuchokera ku wilo la kumbuyo kufika la kutsogolo, muone ngati mawilo awiriwa akutsatana mzere umodzi. Pomaliza gwedezani injini ndi manja. Isasunthe pa felemu, ndipo tcheni chake chisamathine pena n'kukhwepa pena pamene wilo la kumbuyo likuzungulira.

Koma, Bambo Mkonzi, ngakhale zonsezi zili bwino, katundu wolemera kumbuyo amapepukitsa wilo la kutsogolo mwakuti siligwira nthaka mokwanira. Thumba langa lija ndinalimanga motulukira kumbuyo kwa kaliyala, ndiye kulakwa kunali kwanga. Katundu akhale pafupi ndi chishalo, womangidwa zolimba.

Ndiloleni ndibwerere ku masamu a m'kalasi pang'ono. Munthu wopalasa amayenda makilomita pafupifupi 15 pa ola. Kainjini kamatha kuifikitsa njinga yomweyo pa makilomita 40 kapena kuposa. Mphamvu ya chinthu choyenda siikwera mofanana ndi liwiro ayi: liwiro likawirikiza kawiri, mphamvu imawirikiza kanayi, likawirikiza katatu, mphamvu imawirikiza kasanu n'kanayi. Ndiye kuti pa makilomita 45 pa ola, timabuleki tomwe tija tamphira tikuuzidwa kugwira ntchito yoposa ya kale ka 9. Kodi amene anapanga njinga zathu zakalezi ankaganiza za liwiro lotere? Tangoganizani munthu akutsika nayo phiri la Khwekhwerere kupita ku Golomoti!

Ngati kupukusako kwakupezani muli paulendo, musachite zimene ndinachita ine. Bwezani mafuta pang'onopang'ono, musaumitse manja pa handulo, panani felemu ndi mawondo mosamala kuti injini isakuotcheni, weramirani kutsogolo, ndipo mugwire buleki ya kumbuyo modekha. Mukaima, tsikani muikankhe. Kuthamanga sikufika.

Ndamva ena akunena kuti njinga zimenezi zingoletsedwa basi. Ine sindigwirizana nawo. Njinga yamoto yeniyeni ndi yodula, ndipo kainjinika kakufikitsa odwala ku chipatala, alimi ku msika ndi nkhalamba ngati ine ku maliro a kutali. Chofunika ndi kuphunzitsana. Ndikupempha bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa m'chaka cha 1999 kuti litukule maphunziro a ntchito zamanja, kuti liganizire zokonza timaphunziro tachidule ta anyamata okonza njinga m'misika. Inunso amisiri, limbani mtima pokana kumangirira injini pa njinga yotheratu, ngakhale mwini wake akuonetseni ndalama. Ndalamayo idzatha, koma mbiri yoti munapha munthu siidzatha.

Kwa inu abusa, ansembe ndi mafumu, anthu amakumverani kuposa mmene angamverere mphunzitsi wopuma. Alaliki ndi akatekisiti anu ambiri amayenda mitunda italiitali pa njinga. Akumbutseni kuti Loweruka lililonse azipatula mphindi khumi zoyendera manati ndi sipanala, ndi kuti azivala chipewa choteteza mutu ngakhale ulendo ukhale waufupi. Ndipo ngozi ikachitika, tithandizeni kuletsa mchitidwe wolozana zala. M'mudzi mwathu mabanja awiri anatsala pang'ono kudana chifukwa cha nati imodzi yokhwepa.

Njinga yanga ndinaikonza, ndinaika timipira tatsopano m'khosi ndi tayala latsopano kutsogolo, ndipo lero ikuyenda mowongoka. Feteleza ndimamutenga maulendo awiri, theka lero, theka mawa. Amayi kunyumba kuno salola kuti nditulutse njinga asanaone ndikugwedeza wilo ndi maso awo.



Mphunzitsi wopuma,
Ntcheu.