Kodi ndalama yanu yagona masiku angati?

Sabata ino tikambe za mabuku a malonda, abale anga. Sindikunena mabuku akuluakulu a m'maofesi a ku Tete ayi, koma kope lija la ana a sukulu limene limakhala pansi pa tebulo m'kaokala kalikonse, kaya banka monga timatchulira mbali ino ya malire, kuyambira pa Calómuè mpaka ku Dómuè. Anthu ambiri a geni masiku ano amalemba, ndipo n'zoyamikika. Koma makalata ndi mafoni amene timalandira ku wayilesi akudandaula chinthu chimodzi: buku likuti phindu lilipo, mashelefu ndi odzaza, koma likafika tsiku lokapikula katundu wina m'thumba mulibe kanthu. Ena afika poganizira chitaka. Ine ndikuti tisanathamangire kwa sing'anga tiyambe talifunsa bukulo, chifukwa nthawi zambiri limawerenga zinthu zosayenera kuwerenga.

Vutoli linasautsapo ngakhale makampani akuluakulu. Nonse mumaidziwa Toyota, popeza machapa ambiri otinyamula pakati pa Ulónguè ndi Tete ndi ake. Mu 1950 kampani imeneyi, ku Japan, inatsala pang'ono kugwa chifukwa chosowa ndalama. Mmodzi mwa akuluakulu a m'fakitale, Taiichi Ohno, anaona kuti ndalama zambiri zimafera m'katundu wongounjikidwa: zitsulo zogulidwa nthawi isanakwane, zipangizo zodikira pamzere, galimoto zopangidwa popanda wozifuna. Iye anakonza ntchito kuti chinthu chizipangidwa pokhapokha wotsatira pamzere wachifuna, ndipo chizibwera pa nthawi yake, mochuluka monga momwe chikufunikira basi. Kakhadi kakang'ono kamene ankakatcha kanban ndiko kankauza wa kumbuyo kuti tsopano tumiza china. Musadabwe nalo dzinalo. Mwini banka aliyense wogulitsa zakumwa amachita zomwezo: kreti ya mabotolo opanda kanthu ndiyo imaitana kreti yodzaza, ndipo palibe amaoda makreti makumi awiri pamene atatu sanathe. Njira imeneyi azungu anadzaitcha lean cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kutanthauza ntchito yopanda mafuta osafunika, ngati ng'ombe yokoka ngolo.

Tsono apa ndi pamene nkhani yathu yagona. Makampani a ku America atayamba kutengera njirayi, anapeza kuti mabuku awo akuitsutsa. Kalembedwe kakale kamatenga katundu yense wa m'nyumba yosungiramo ngati chuma, ndipo kamaonetsa kuti wopanga zambiri nthawi imodzi ndiye wapanga motchipa. Kampani ikachepetsa katundu wogona, ndalama ku banki zinkachuluka, koma papepala phindu linkaoneka ngati latsika, mabwana n'kuyamba kuchita mantha. Kampani ina ya zipangizo za magetsi, Wiremold, imene inayamba njirayi mu 1991, inaona kuti yofunika kusintha ndi mabuku, osati fakitale. Mkulu wake wa za ndalama, Orest Fiume, anathandiza kukonza malipoti osavuta oti wantchito wamba awamve: zalowa zingati, zatuluka zingati, katundu wakhala nthawi yaitali bwanji.

Tibwerere kwathu. Tiyerekeze amayi awiri ogulitsa kachewere pamsika, ndipo mitengo ndikuikayi ndi yongoyerekeza, inu muikemo ya pamsika wanu. Onse awiri amagulitsa matumba asanu pa sabata, ndipo thumba likatha kugulitsidwa m'milu limabweretsa mameticais 1,300. Mayi woyamba wapeza mlimi amene akuti mukatenga matumba 20 ndikupatsani pa 900 m'malo mwa 1,000. Wakongola ndalama, walipira 18,000, ndi 500 ya galimoto. Tsiku lomwelo buku lake likumuuza kuti wapulumutsa 2,000, ndipo m'nyumba mwadzaza chuma. Mayi wachiwiri amatenga matumba asanu okha sabata iliyonse pa 1,000, n'kulipira 200 ya ngolo ulendo uliwonse.

Mwezi watha. Kachewere tonse timamudziwa, sadikira munthu: amafota, amamera, wina amaola pansi pa mulu. Tinene kuti mayi woyamba wataya matumba atatu. Wagulitsa 17, wapeza 22,100, ndipo kuchotsa zonse watsala ndi 3,600, asanalipire chiwongoladzanja cha ngongole ija. Wachiwiri wagulitsa matumba onse 20, wapeza 26,000, wachotsa 20,000 ya katundu ndi 800 ya ngolo, watsala ndi 5,200. Chachikulu n'chakuti iyeyu mpamba wake unali 5,000 yokha imene inazungulira kanayi, pamene mnzake anamanga 18,000 m'matumba. Koma mukanayang'ana mabuku awo pa sabata yoyamba, mukanalumbira kuti wochenjera ndi woyambayo.

Buku la mayi woyamba silinaname. Linangolemba mtengo wogulira n'kusiya masiku. Choncho pempho langa kwa aliyense wolemba ndi lakuti muonjezere mzere umodzi wokha: tsiku limene katundu walowa, ndi tsiku limene watha. Shuga walowa pa 3, watha pa 9. Sopo walowa pa 3, watha pa 15. Mapoto aja munagula chifukwa anali okongola ku Lizulu alowa mwezi wa Meyi, ndipo lero akadali pompo, akusonkhanitsa fumbi. Mukachita zimenezi miyezi iwiri mudzaona nokha kuti m'banka mwanu muli katundu wantchito ndi katundu waulesi, ndiponso kuti waulesiyo akudya ndalama imene ikanagula shuga kasanu. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, ndipo pusi wa masiku ano amagwera m'sitolo ya oda.

Mzere wina umene sindiuona m'mabuku ambiri ndi wa zotayika. Phwetekere woola amaponyedwa kudzala mwakachetechete, buledi wouma amadyedwa ndi ana, paketi ya mchere yonyowa imapita kukhitchini, koma m'buku zonsezi zikadali zamoyo. Lembani. Musachite manyazi ndi tsamba limenelo, chifukwa ndilo lidzakuuzani kuti ulendo wotsatira mutenge madengu awiri m'malo mwa atatu. Chimodzimodzi zimene banja latenga. Sindikuti mkazi wanu kapena amayi anu azigula mafuta ophikira m'banka yanu yomwe, kumeneko ndi kudanitsa anthu, koma botolo likachoka pashelefu lizilembedwa kuti lapita kunyumba.

Nanga ngongole? Ngongole ndi katundu wogona amene wagona m'nyumba ya munthu wina. Ambiri amailemba ngati malonda atheka, n'kuiphatikiza pa phindu la tsikulo. Ayi, achimwene. Malonda amatheka pamene ndalama yalowa m'manja kapena pa M-Pesa kapena e-Mola. Zisanatero, dzinalo likhale patsamba lake, ndi deti lake, ndipo Lamulungu lililonse muziwerenga kuti kunja kuli zingati. Alimi a fodya akudziwa bwino m'mene kampani ya Mozambique Leaf Tobacco imalembera thumba lililonse la feteleza limene yapereka pa ngongole, n'kudzachotsa pa nthawi yogulitsa. Kampani yaikulu chotero siiwala thumba limodzi, nanga inu wa banka ya malata asanu ndi limodzi mukuiwaliranji mapaketi a shuga a aphunzitsi? Mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Pano ndiyenera kuchenjeza, chifukwa ndikudziwa kuti wina anena kuti wa pa wayilesi uja waletsa kusunga. Angónia si Japan. A Toyota amalandira zipangizo kangapo pa tsiku chifukwa misewu yawo siiduka. Kuno mvula ikagwa mu Januwale ndi Febuluwale pali midzi imene galimoto siifika, ndipo mwini banka amene sanasunge mchere, sopo ndi machesi amangoyang'ana makasitomala akubwerera. Chimanga ndi nyemba nazonso si phwetekere. Wogula pokolola n'kusunga bwino mpaka nyengo ya njala nthawi zambiri amapeza mtengo wabwino, ndipo nkhokwe ya chakudya cha banja siyikhudzidwa n'komwe ndi nkhani ino. Ngakhale ku Japan komweko, chivomezi chachikulu cha mu 2011 chinaimitsa mafakitale a Toyota chifukwa chosowa zipangizo, ndipo pambuyo pake anayamba kusunga zina zovuta kupeza. Chimene ndikunena n'chakuti kusunga kuli ndi mtengo wake, ndipo mtengowo uzioneka m'buku: mankhwala a anankafumbwe, matumba, mlonda, makilo amene achepa pouma, ndi chiwongoladzanja ngati ndalamayo ndi ya katapila kapena ya gulu. Mukaphatikiza zonsezo n'kupeza kuti phindu likadalipo, sungani ndi mtima woyera. Kusunga mwadala ndi kosiyana ndi kukakamira katundu amene wakana kuyenda.

Ife a m'malire tili ndi mutu wina umene a Fiume sanauganizire: matumba awiri, la metical ndi la kwacha. Wogulitsa pa Dedza kapena pa Lizulu amabwera ndi makwacha, wopikula ku Tete amafuna mameticais, ndipo m'buku limodzi mumapezeka manambala osakanikirana ngati nyemba ndi miyala. Kumbukirani za mu Novembala 2023, pamene dziko la Malawi linatsitsa mphamvu ya kwacha ndi 44 pa 100 aliwonse tsiku limodzi. Amene anagona ndi makwacha ambiri pansi pa mphasa, kapena anali atakongoza katundu woti adzalipidwe m'makwacha, anadzuka ali osauka kuposa dzulo lake, ngakhale buku linkanena nambala yomweyo. Ndalama nayonso imaola. Sankhani ndalama imodzi, makamaka imene mumapikulira katundu, ikhale ya buku. Mukalandira inayo lembani mtengo umene mwasinthira tsiku limenelo, osati wa mwezi watha. Ndipo a malume amene mumalembabe m'makontu, ngakhale maziro atatu anachotsedwa pa metical mu 2006, chonde gwirizanani ndi mwana amene amakuthandizani kulemba kuti kontu imodzi ndi zingati, kuopa kuti mungamunamizire kuba.

Za msonkho ndingokhudza pang'ono. Msonkho wa amalonda ang'onoang'ono wotchedwa ISPC, umene unakhazikitsidwa mu 2009, unakonzedwa kuti uziwerengedwa pa zogulitsa zonse osati pa phindu. Ndiye kuti buku losonyeza bwino zimene mwagulitsa tsiku ndi tsiku ndi mboni yanu mukamakambirana ndi a Finanças. Wopanda buku amangovomera nambala imene wauzidwa.

Wina afunsa kuti zonsezi azilemba nthawi yanji, poti m'banka amakhala yekha. Yankho ndi lakuti buku nalonso lichepe mafuta. Ndaonapo makope olembedwa switi imodziimodzi ndi ndudu imodziimodzi, masamba makumi atatu pa mwezi, koma mwini wake osawawerenganso. Kumeneko ndi kutaya inki. Madzulo werengani ndalama ya m'bokosi ndi ya pafoni, lembani nambala imodzi. Lembani zimene zatuluka. Kamodzi pa sabata yendani m'mashelefu ndi choko, muike chizindikiro pa katundu aliyense amene wadutsa masiku 30. Katundu wa zizindikiro ziwiri mutsitse mtengo achoke, ngakhale pa mtengo umene munagulira, ndipo ndalama yakeyo ipite ku zinthu zimene anthu akufunsa. Pokapikula musanyamule mndandanda wa zimene mwini sitolo ya oda akutsatsa, nyamulani wa mipata imene ili m'shelefu mwanu.

A m'magulu a xitique ndi a banki m'khonde, yesani izi pa msonkhano wanu wotsatira: aliyense wofuna ngongole ya geni abwere ndi kope lake, atchule katundu amene akufuna kugula ndi masiku amene katunduyo anatenga kuti athe ulendo wapitawu. Amene muyese, tilembereni kuno ku nyuzipepala mutiuze katundu amene mwamupeza atagona nthawi yaitali kuposa onse m'dera lanu, tidzasindikiza mayankho anu patsamba lomwe lino.