ULENDO WOKATCHOVA NJUGA KU TAUNI SUTCHIPA

Mvula ikakhazikika m'mwezi wa Disembala, minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje imaphukira, othyola masamba amachuluka, ndipo kufikira cha mu Epulo ndalama ya malipiro imaoneka pa msika wa Luchenza. Koma nyengo yomweyi ndiyo ya njala. Nkhokwe zimakhala zitapepuka, chimanga chakwera mtengo, malungo ndi kutsekula m'mimba zili pakati pa ana. Motero ndalama iliyonse yolandiridwa m'miyezi imeneyi imakhala ndi ntchito yake kale isanaloŵe m'thumba.

Komabe alipo abambo ndi anyamata ena amene akalandira amapatulako kandalama, nakwera minibasi okha kudzera pa boma la Thyolo, pa Bvumbwe ndi ku Limbe, ulendo wa ku Blantyre kukayesa mwai ku nyumba za njuga zotchedwa makasino. Akafunsidwa amayankha modekha kuti, "Ndangotenga yochepa, ikatha ndibwerako. Ndiponso ndikupita ndekha kuti ndisaononge zambiri." Mau aŵa amamveka ngati anzeru, koma ife tikuti ai. Ulendo wotere sutchipa, ndipo zinthu ziŵiri zimene munthu amayesa kuti zimteteza, kuchepa kwa ndalama ndi kuyenda yekha, ndizo zimene zimamgwetsa m'mbuna.

MIZINDA YOMANGIDWA NDI OLUZA

Pa dziko lapansi pali mizinda imene inakula chifukwa cha njuga. Ku America kuli mzinda wa Las Vegas, umene uli pakati pa chipululu m'chigawo cha Nevada. Chigawo chimenechi chinaloleza njuga m'chaka cha 1931, ndipo kuchokera pamenepo mahotela aakulu anayamba kumera pamalo pouma pamene ngakhale chimanga sichingabereke popanda kuthirira. Kufupi ndi kwathu kuno, malo otchedwa Sun City anatsegulidwa m'chaka cha 1979 m'dera la Bophuthatswana, pa nthaŵi imene boma la South Africa linkaletsa makasino m'mizinda yake, ndipo anthu a ku Johannesburg ankapita kumeneko kukataya malipiro ao. Kuno ku Malaŵi lamulo loyendetsa njuga linakhazikitsidwa mu 1996, ndipo mu 2022 linadza lamulo latsopano limene linabala bungwe la Malawi Gaming and Lotteries Authority, limene ambiri amangoti MAGLA. Makasino ololedwa alipo ku Blantyre ndi ku Lilongwe.

Tsono aŵerengi, dzifunseni funso limodzi. Magetsi oŵala usiku wonse aja, mipando yofeŵa, alonda ndi antchito obvala bwino, amalipira ndani? Mwini kasino sakolola tiyi, salima chimanga, sapanga nsapato. Chuma chake chonse ndi ndalama zimene alendo anabwera nazo n'kuzisiya. Akulu anati chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

MASAMU A MWINI NYUMBA

Ambiri amaganiza kuti njuga ndi nkhani ya mwai wokha, kuti lero ukaluza maŵa upambana. Zoona zake n'zakuti maseŵero onse a m'kasino anakonzedwa ndi masamu kuti mwini nyumba azitsala ndi gawo lake. Sachita kuba ai, lamulo la seŵerolo ndilo limamdyetsa.

Titenge chitsanzo cha gudumu lozungulira limene amaponyamo kampira. Gudumu lofala lili ndi manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36. Munthu akalosa nambala yoona amapatsidwa ndalama yake kuchulukitsa ka 35, nabwezeredwanso imene anaika. Tiyerekeze kuti mwaganiza zotseka njira zonse, mwaika K1,000 pa nambala iliyonse. Mwatulutsa K37,000. Kampira kagwera pa nambala imodzi, ndipo mwapambanadi. Akupatsani K35,000 pamodzi ndi K1,000 yanu ija, zonse K36,000. Mwapambana, koma mwaluza K1,000. Ndiye kuti pa K100 iliyonse yoikidwa pa gudumu limeneli, mwini nyumba amatsala ndi pafupifupi K2.70, kaya woseŵerayo ndi wochenjera kaya wopusa.

Wina anganene kuti K2.70 ndi yochepa. Koma kumbukirani kuti woseŵera saika ndalama kamodzi kokha. Akapambana pang'ono amaikanso, akaluza amaikanso. Munthu amene waloŵa ndi K50,000 namaika K2,000 nthaŵi iliyonse, akaika maulendo 500 ndiye kuti wadutsitsa K1,000,000 pa tebulo, ngakhale kuti sanaigwirepo ndalama yotere m'manja mwake. Gawo la mwini nyumba pa ndalama imeneyo ndi pafupifupi K27,000, kuposa theka la imene munthuyo anabwera nayo. Akapitiriza kukhala, yotsalayo imatsatira. Makina odina aja naonso anakonzedwa kuti azibweza ndalama yochepera imene alandira. Choncho mdani wamkulu wa wotchova njuga ndi nthaŵi: akakhalitsa, masamu amampeza.

Masiku ano kasino yafika ndi pa Luchenza pomwe kudzera m'mashopu obetchera mpira ndi m'mafoni, monga seŵero lija anthu akulitcha kandege. Masamu ake ndi omwewo. Munthu akalumikiza maseŵero a mpira 10 pa tikiti imodzi, ngakhale titati pa seŵero lililonse mwai wolosa bwino ndi theka, mwai woti onse 10 atheke ndi umodzi pa 1,024.

"YOCHEPA" NDI NDALAMA ZINGATI?

Asanaike ndalama yoyamba pa tebulo, wa pa ulendo uja walipira kale minibasi, wadya ku Limbe, ndipo usiku ukampeza afunika malo ogona. Akaphatikiza zonsezi ndi ndalama yokatchovera, aziyerekeze ndi mtengo wa thumba la chimanga la makilogalamu 50 pa msika m'mwezi wa Januwale. Aziyerekeze ndi madengu a masamba amene anasenza kupita nao pa sikelo, mvula ili pamsana. Kwa munthu wa malipiro aakulu ndalama imeneyo ingakhale yochepa. Kwa wothyola tiyi, mlonda, kapena wa kabaza, ndi ufa wa masabata angapo.

Chinanso n'chakuti malire amene munthu amadziikira ali kunyumba salimba akafika pa tebulo. Kale ndalama yosiyidwa kumudzi inkakhaladi kumudzi. Lero ili m'foni, pa Airtel Money kapena pa Mpamba, m'thumba momwemo. Yoyamba ikatha, mtima umanong'ona kuti, "Ndingotapako pang'ono kuti ndibweze yanga ija." Kuthamangitsa ndalama yoluza kotereku ndiko kumasandutsa kandalama kochepa kukhala ngongole. Pamapeto pake munthu amatchovera ndi ya minibasi yomwe, ndipo akafika kwao amagwa m'manja mwa a katapila, kapena kugulitsa njinga, wailesi, ngakhale feteleza wa m'munda.

KALI KOKHA N'KANYAMA

Wopita yekha amati akupulumutsa ndalama ya mnzake. Koma nthaŵi zambiri chifukwa chenicheni n'chakuti safuna mboni. Kunyumba wanena kuti akupita kukaona m'bale wodwala ku Queen Elizabeth, kapena kukafuna ganyu. Ulendo umene wayamba ndi bodza umatha ndi bodza lina, lakuti ndalama yabedwa pa depoti.

M'nyumba ya njuga ndalama imasinthidwa kukhala timapulasitiki tozungulira ngati mabatani, ndipo munthu amaiŵala kuti m'manja mwake muli thukuta la mwezi wathunthu. Phokoso, magetsi ndi moŵa zimamsokoneza kuŵerenga nthaŵi. Pamenepo pamafunika mnansi woti amgwire paphewa n'kunena kuti, "Achimwene, kwada, tiyeni." Woyenda yekha alibe munthu wotero. Aliyense womuzungulira amapindula iye akakhalitsa. N'chifukwa chake makolo anati kali kokha n'kanyama, ali aŵiri ndi anthu. Pakutero sitikunena kuti muzipita aŵiriaŵiri ai. Tikunena kuti chinthu chimene munthu sangachichite mkazi wake kapena mbale wake akuona, n'chofunika kuchikayikira.

NJUGA NDI NKHANI YA UMOYO

Mwina mukudabwa kuti nkhani ya njuga ikufunanji m'magazini ya zaumoyo. Madokotala a matenda a maganizo a ku America analemba chizoloŵezi chosaletseka cha njuga m'buku lao la matenda m'chaka cha 1980. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO nalonso linachiika pa mndandanda wake wa matenda umene unayamba kugwira ntchito mu 2022, m'gulu limodzi ndi zizoloŵezi zina zobvuta kuleka. Mu 2024 bungweli linanena kuti pafupifupi akuluakulu 12 mwa 1,000 alionse pa dziko lapansi ali ndi matendaŵa, ndipo kuti munthu mmodzi wotchova njuga mopyola muyeso amabvutitsa anthu ena pafupifupi 6.

Matendaŵa amagwira motere. Munthu akamayembekeza kupambana, ubongo umatulutsa mphamvu ya chisangalalo yofanana ndi imene moŵa ndi fodya zimadzutsa. Ngakhale kuphonya pang'ono pokha kumamchititsa kumva ngati watsala pang'ono kupambana, chonsecho gudumu silikumbukira za dzulo, ndipo kuphonya kwa lero sikufupikitsa mwai wa maŵa. Pang'ono ndi pang'ono ndalama imene inkamsangalatsa kale siimkwaniranso, ndipo amafuna kuika yochulukirapo.

Zotsatira zake timakumana nazo ku chipatala. Wotchova njuga amasoŵa tulo, amakhala ndi nkhaŵa, mutu umamuŵaŵa, amapsa mtima msanga, ndipo ambiri amathaŵira ku moŵa. Amene ali pa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a chifuwa chachikulu, a kuthamanga kwa magazi, kapena otalikitsa moyo, amadumphitsa kumwa akagona ku tauni mosakonzekera. Ndipo anthu 6 aja ali ndi nkhope: ndi mwana amene ku sikelo akupezeka kuti sakukwera, mai wapakati amene wasoŵa ya galimoto tsiku la matenda, wophunzira amene wabwezedwa chifukwa cha fizi, ndi gogo amene mbuzi yake yagulitsidwa. Choopsa koposa n'chakuti ngongole ndi manyazi zimafikitsa ena poganiza zodzipha.

ZIMENE OTSUTSA AMANENA

Ena adzati, "Kodi munthu wogwira ntchito yoŵaŵa alibe ufulu wosangalala ndi thukuta lake?" Ali nao ndithu, ndipo kupuma n'kofunika pa umoyo. Koma chisangalalo chenicheni chili ndi mtengo wodziŵika. Ukalipira pa chipata kukaonera mpira, umadziŵa kuti watha zingati, ndipo umabwerako ndi nkhani yokamba. Njuga ilibe mtengo wodziŵika, ndipo wobwerako amaloŵa m'mudzi usiku kuti anthu asamuone.

Ena adzati, "Koma alipo amene anapambana." Zoona, alipo, ndipo zithunzi zao zimaonetsedwa ponseponse. Zithunzi za oluza sizionetsedwa, chonsecho ndalama ya wopambanayo inachokera kwa iwo. Enanso adzati boma linaloleza, ndipo limalandirapo msonkho, anthu amapezapo ntchito. Izinso n'zoona. Koma moŵa ndi fodya nazonso n'zololedwa, ndipo palibe dokotala amene amazitcha mankhwala. Lamulo limaletsa njuga kwa ana osakwana zaka 18, koma silingathe kulondera thumba la munthu wamkulu. Mlonda wa thumba lanu ndinu nomwe pamodzi ndi banja lanu.

TICHITENJI TSONO?

Choyamba, dziyeseni moona mtima. Kodi mumabisa ndalama imene mwaluza? Kodi munakongolapo kapena kugulitsa katundu kuti mukatchovere? Kodi mukaluza mumabwerera kuti mukabweze? Kodi munayesapo kuleka n'kulephera? Ngati mwayankha kuti inde pa funso limodzi lokha, nthaŵi yofuna thandizo yakwana.

Chachiŵiri, tsiku la malipiro ndalama ifike pakhomo isanagone. Khalani pansi aŵiri, mupatule ya chimanga, ya sukulu, ndi ya ulendo wa ku chipatala wadzidzidzi. Yotsala ikaloŵe ku banki m'khonde kapena ku banki, kumene kuitapa kumafuna kuti anthu ena adziŵe. Ngati foni ndiyo ikukukolani, musasungemo ndalama, ndipo lolani munthu wokhulupirika akusungireni kwa kanthaŵi.

Chachitatu, lankhulani. Uzani mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu, namwino, kapena dokotala wa pa chipatala chimene mwabwera lerochi. Iwo angathe kukutumizani kwa odziŵa za matenda a maganizo ku chipatala cha boma ku Thyolo kapena ku Mulanje, ndipo pofunika thandizo lalikulu kuli chipatala cha Zomba Mental. Ngati maganizo odzipha akubwera, musadikire kuti kuche. Uzani munthu lero lomwe ndipo akuperekezeni ku chipatala.

Kwa inu amai, makolo ndi abale a munthu wotere, musamnyoze pagulu, pakuti manyazi ndiwo amamthamangitsira ku tebulo komweko. Komanso musamlipirire ngongole mwakachetechete, chifukwa potero mukumtsegulira njira yokatenga ina. Itanani ankhoswe kapena akulu a mpingo kapena a mzikiti, nkhaniyo ikambidwe poyera, ndipo ndalama ya chakudya cha ana ikhale m'manja mwa amene satchova. Mafumu ndi makapitao nao aikambe nkhaniyi pa misonkhano yao, makamaka m'miyezi ino ya masamba ambiri.

Miyezi ya masamba ndi yoŵerengeka. Pofika Juni tiyi amachepa, aganyu ambiri amabwerera kwao, ndipo banja limadya zimene linasunga. Ndalama imene mukuitcha yochepa lero ndiyo idzagule ufa m'chilimwe. Isakwere minibasi ya ku Blantyre.