Linga la amene magetsi amuthimira lisagwe mwini wake kulibe

Pali mkangano umene wakhalapo kwa zaka zambiri pakati pa osewera magemu omanga zombo za m'mlengalenga, ndipo sabata ino ndikufuna ndiulowe, chifukwa umatikhudza ife a ku Machinga ndi Balaka kuposa mmene umakhudzira anzathu a ku Ulaya. Munthu akatseka kompyuta kapena foni n'kupita kukagona, kodi chombo chake ndi linga lake zitsale poyera kuti aliyense wodutsa aziphwasule? Kapena malamulo a gemu azitchinjirize mpaka mwini wake abwerere?

Kwa amene sanaonepo magemu amenewa, ndifotokoze pang'ono. Mu Space Engineers, imene kampani ya Keen Software House ya ku Prague inayamba kugulitsa mu 2013, munthu amayamba ndi zida zochepa chabe. Amakumba miyala, kuiyenga kuti apeze chitsulo, kenako n'kumanga chombo chidutswa ndi chidutswa: injini, matanki, mapaipi, mfuti, chipinda choyendetsera. Empyrion ndi yofanana nayo. EVE Online ya kampani ya CCP ya ku Iceland inayamba kale mu 2003, ndipo mu 2020 panatuluka mbale wake wa pafoni, EVE Echoes. Magemu onsewa ali ndi khalidwe limodzi: dziko lake silidikira munthu. Seva imayendabe usiku ndi usana. Iwe uli mtulo ku Ntaja, wina wa ku Texas ali maso, ndipo linga limene wamanga kwa mwezi wathunthu lili pomwe unalisiya.

Alipo osewera ambiri amene amakonda zimenezi, ndipo mfundo yawo si yachibwana. Amati kukoma kwa gemu yotere kwagona pa mantha. Ukadziwa kuti katundu wako angatengedwe nthawi iliyonse, umaganiza bwino pomanga. Umabisa linga mkati mwa thanthwe, umazimitsa chizindikiro choulutsa komwe uli, umaika mfuti zodziwombera zokha, umagawa chuma chako m'malo angapo. Amati ukachotsa mantha amenewo, chotsala ndi kupanga zidole. Ndikuvomereza kuti linga lomangidwa ndi munthu woopa limakhala lanzeru kuposa lomangidwa ndi munthu wotetezedwa.

Koma mfundo imeneyi imaganiza kuti aliyense wotuluka mu gemu watuluka mwa kufuna kwake, ndipo kuno kwathu sizili choncho.

Magetsi ambiri a dziko lino amachokera mu mtsinje wa Shire, pa Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Madzi amene amazungulitsa makina kumeneko amayamba adutsa pa Kamuzu Barrage pano pa Liwonde, pamene amawachepetsa kapena kuwachulukitsa, ndiponso pamene amakola namasupuni ndi udzu kuti zisakatseke makina kumunsi. Mu Januwale 2022, namondwe wa Ana anawononga damu la Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 nthawi imodzi, ndipo siteshoniyo inadzayambiranso ntchito mu 2023. Aliyense wa ku Balaka akukumbukira mmene magetsi ankathimira miyezi imeneyo. Ku Phombeya kuli siteshoni yaikulu imene inakonzedwa kuti ilandire magetsi ochokera ku Matambo, m'chigawo cha Tete ku Mozambique, ndipo tonse tikuyembekezera kuti zinthu zisinthe. Ngakhale zitasintha, mavuto ena alipobe. Bandulo imatha pakati pa nkhondo. Netiweki imagwa mvula ikamagunda. Mnyamata wa ku Nsanama kapena ku Utale amene amatchajitsa foni pa shopu ya sola sangalonjeze kuti mawa madzulo adzakhalapo. Kuchokera pamene kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndalama yogulira bandulo ikulimbirana malo ndi ndalama ya ufa ndi sopo.

Ndiye gemu ikamalola kuphwasula linga la amene kulibe, mphotho imapita kwa amene ali ndi magetsi osathima, intaneti yosatha ndi nthawi yopanda ntchito. Luso lomanga ndi lomenya nkhondo silikuyesedwa konse. Chimene chikuyesedwa ndi dera limene munthu anabadwira. Ine monga wolemba zamasewera sindingatche zimenezo mpikisano.

Ife tili ndi masewera athu amene anayankha funsoli kalekale. Pansi pa mtengo wa mango ku Ulongwe kapena pakhonde la golosale ku Liwonde, akuluakulu awiri amakhala pa bawo, maenje 32, nkhomo 64. Nthawi ya swala ikakwana, mmodzi amadzuka kupita ku mzikiti. Bawo limatsala pomwepo, nkhomo zili mmene zinalili, oonerera atazungulira. Palibe amene amagwira. Mdani wake akhoza kukhala kuti waona kale njira yodyera nkhomo zambiri, koma amadikira. Atayerekeza kusuntha ngakhale nkhomo imodzi mnzake kulibe, sangapezenso wosewera naye pamsikapo. Chifukwa chake n'chosavuta. Kumudya munthu pa bawo kumakoma iye akuona, akuwerenga nawe, akuyesa kuthawa n'kulephera. Opanga magemu a m'mlengalenga sangaimitse seva yonse chifukwa cha munthu mmodzi, izi n'zoona, koma angathe kupanga malamulo oti kudyana kuzichitika onse awiri alipo.

Njira zimene opanga magemu ayesapo ndi zosiyanasiyana, ndipo si zonse zimene ndimazikonda.

Space Engineers inabweretsa chimene amati Safe Zone mu 2019. Ndi chipangizo chimene chimazunguliza linga ndi chishango, ndipo mkati mwake mwini wake angaletse kuwombera ndi kuwononga. Vuto lake ndi mtengo. Chimadya magetsi ambiri a mu gemu, komanso chimafuna tinthu totchedwa Zone Chip timene timatha ndipo uyenera kumagula tina. Tikatha, chishango chimagwa. Taonani tsono amene chikumuteteza: ndi yemwe ali ndi nthawi yochita malonda mu gemu tsiku ndi tsiku kuti apeze ndalama zogulira tinthuto. Wosewera amene wasowa sabata yathunthu chifukwa cha maliro kumudzi kapena chifukwa transifoma yapsa ndiye woyamba kutsala pamtetete. Chitetezo chotere chimapita kwa amene sakuchisowa kwenikweni.

Empyrion inasankha njira ina: chipangizo chimene chimadziyatsa chokha gulu lonse likatuluka, linga n'kukhala losakhudzika. Ark, ngakhale si ya m'mlengalenga, ili ndi lamulo lofanana limene mwini seva angaliyatse. Izi zimamveka ngati yankho lathu, koma zili ndi bowo limene osewera analipeza msanga. Munthu akaona adani akubwera ndipo wazindikira kuti agonja, amangotuluka mu gemu, chishango n'kuyaka, oukirawo n'kutsala atagwira mfuti pachabe. Amenewo ndi mantha ovala chovala cha lamulo, ndipo amawononga gemu mofanana ndi kuba usiku. N'chifukwa chake pamafunika nthawi yodikira chishango chisanayake. Palinso vuto lachiwiri: pagulu la anthu 10, mmodzi akangolowa kwa mphindi zochepa kudzaona ngati makina akuyenga bwino, linga lonse latseguka, ndipo iye yekha sangaliteteze.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi ya EVE Online, ndipo ndikufuna ndikhalepo pang'ono. Kumeneko, chombo cha munthu amene watuluka mwamtendere chimachoka pamalopo n'kusowa patangopita kanthawi kochepa. Koma ngati anali atangomenyana ndi wosewera wina, chombocho chimatsala m'mlengalenga kwa mphindi 15, ndipo adani angachisake n'kuchipeza. Wothawa nkhondo podula intaneti sapindula kanthu. Zoona, lamuloli limapwetekanso wa ku Chiyendausiku amene magetsi amuthimira pakati pa nkhondo yeniyeni, chifukwa seva singasiyanitse wamantha ndi watsoka. Koma kutaya chombo chimodzi chimene unalowa nacho m'nkhondo mwa kufuna kwako n'kopiririka. Chosapiririka ndi kutaya nyumba yonse.

Pa nyumbayo m'pamene EVE inaganiza mozama. Malinga akuluakulu amene anabwera mu 2016, otchedwa Citadel, sagwa tsiku limodzi. Adani angabwere nthawi iliyonse, iwe uli mtulo, n'kugwetsa chishango chakunja. Zikatero linga limadzitseka, silingawomberedwenso, ndipo wotchi imayamba kuwerenga poyera kuti aliyense aione. Limadzatsegukanso pafupi ndi ola limene mwini wake anasankhiratu. Ndiye kuti woukira wapereka uthenga: tabwera, tidzabweranso tsiku lakuti. Mwini linga amapeza mpata woitana anzake, kugula bandulo, kutchaja foni kapena laputopu, ngakhale kukwera minibasi kupita kwa mnzake wa ku Balaka boma amene ali ndi jenereta. Mantha aja amene anzathu amawafuna alipobe, mwinanso ochuluka, chifukwa tsiku la nkhondo ukulidziwa ndipo ukuliyembekezera. Koma nkhondoyo idzamenyedwa ndi anthu, osati munthu ndi khoma.

Nkhondo yotchuka kwambiri m'mbiri ya EVE ikuonetsa chimene chimakoma mu gemu yotere. Pa 27 Januwale 2014, gulu lina linalephera kulipira msonkho wa dera lotchedwa B-R5RB, deralo n'kutseguka. Adani anathamangirako, eni ake anathamangirakonso, ndipo anamenyana kwa maola 21. Osewera oposa 7,000 anatengapo mbali, zombo zikuluzikulu 75 za mtundu wa Titan zinawonongeka, ndipo anthu anawerengera kuti katundu wotayika angafanane ndi madola pafupifupi 300,000. Mpaka lero nkhondoyi imakambidwa chifukwa mbali zonse ziwiri zinalipo. Malinga ophwasulidwa usiku eni ake ali mtulo ndi osawerengeka, ndipo palibe limodzi limene anthu amalikumbukira, kupatula mwini wake amene nthawi zambiri amasiyiratu gemuyo.

Njirayi nayo ili ndi otsutsa. Ena amadandaula kuti magulu ochenjera amasankha dala ola limene adani awo amakhala ali kuntchito kapena mtulo, kuti nkhondo isachitike n'komwe. Zimachitikadi. Komabe pakati pa woukira ndi woteteza, mmodzi ayenera kuvutika ndi wotchi, ndipo n'koyenera kuti akhale woukira, chifukwa ndiye wasankha nkhondo. Ena amafunsa za malinga a anthu amene anasiya kusewera kalekale: kodi azingodzaza mlengalenga mpaka kale? EVE inayankha mu 2020. Linga limene latha mafuta limafooka, ndipo likakhala choncho masiku 7 limatengedwa ngati losiyidwa, lingagwetsedwe mosavuta ndipo katundu wa mkati angafunkhidwe. Masiku 7 ndi ochepa kwa munthu wa kuno. Namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 anadula misewu, milatho ndi mawaya m'chigawo chakummwera, ndipo ambiri anakhala nthawi yotalikirapo asanaganizenso za gemu. Ndikanakhala mwini seva ndikanaika masiku 30. Koma mfundo yake ndi yolondola: chitetezo chikhale cha munthu amene wachokapo, chithe kwa amene wasamukiratu.

Ambiri mwa achinyamata athu sanagwirepo Space Engineers, chifukwa imafuna kompyuta yamphamvu kapena makina ngati Xbox. Koma nkhaniyi akuidziwa kudzera mu Clash of Clans ya pafoni, imene mudzi wako umaukiridwa iwe utatuluka, kenako n'kupatsidwa chishango cha maola angapo. Kumeneko nyumba zimadzukanso zokha, umangotaya gawo la chuma, ndipo n'chifukwa chake anthu amapirira. Magemu omanga zombo alibe chifundo chimenecho. Chimene chaphwasulidwa chapita, pamodzi ndi maola onse ndi mabandulo onse amene analowamo. Pamene intaneti ikufalikira, ndipo Starlink inayamba kugwira ntchito m'dziko muno mu 2023, achinyamata a ku Liwonde ndi Balaka adzalowa m'maseva amenewa mochuluka, ndipo ndikufuna alowe maso ali otsegula.

Musanakumbe mwala woyamba, werengani malamulo a seva. Ngati salankhula chilichonse za linga la amene kulibe, dziwani kuti lamulo lake ndi la amene sagona, ndipo pitani kwina. Mukamalowa gulu, funsani komwe anzanuwo amakhala. Achibale a ku Johannesburg ndi abwino kucheza nawo, koma wotchi yawo ndi yofanana ndi yathu, akugona nthawi imene inu mukugona. Mnzanu mmodzi wa ku Brazil kapena ku Philippines amalondera maola amene inu simungathe. Ndipo amene mudzatsegule maseva anuanu, a anyamata a m'boma limodzi kapena a pasukulu imodzi, lembani malamulo atatu tsiku loyamba: wotuluka pakati pa nkhondo chombo chake chitsale mphindi 15, linga lisagwe popanda chenjezo la tsiku lathunthu, ndipo ola la nkhondo yomaliza asankhe ndi mwini linga. Ngati gemuyo ilibe batani lochitira zimenezi, gwirizanani pakamwa pa gulu lanu la WhatsApp, ndipo wophwanya mgwirizano achotsedwe pa seva.