Za Kupumitsa Ng'ombe za Pagoli: Tsiku Lisankhidwe Mvula Isanagwe

Kwa inu eni mabanja a ku Mangochi, a m'mbali mwa nyanja ndi a kumapiri omwe, amene muli ndi ng'ombe za pagoli kapena abulu a pangolo, ndi kwa inunso amene mubwereka za anzanu:

Mawu athu m'kalata muno ndi amodzi okha. Mwini nyama ya ntchito aziikiratu masiku akupumula nyengo ya ntchito isanayambe, monga momwe aikiratu mbewu yodzabzala, asadikire kuti nyamayo idzipumitse yokha pakugwa pakati pa munda. Ambiri a ife tiyesa kuti kupumula ndiko kutaya tsiku. Ife tikuti iyayi, kupumula kuli gawo la ntchito yomweyo, ndipo iye amene achotsa gawo limeneli adzalima pang'ono, nadzagula ng'ombe kawirikawiri.

Phunziro lochokera kwa eni akavalo

Kuno kwathu akavalo ndi osowa, pakuti ntchentche ya tsetse, yopezeka m'nkhalango monga ya ku Liwonde kufupi ndi nyanja ya Malombe, ipatsa ziweto nthenda yowondetsa ndi yakupha. Ndipo pali nthenda inanso ya akavalo, yonyamulidwa ndi tizilombo tating'ono touluka madzulo, imene ipha kavalo m'masiku owerengeka. Koma ana athu ambiri amene apita kukagwira ntchito ku South Africa amva mbiri ya akavalo a mpikisano. Ku Durban kuli mpikisano wa liwiro wotchedwa Durban July, umene unayamba m'chaka cha 1897, ndipo akavalo athamanga mamita 2,200 m'kanthawi kopitirira pang'ono mphindi ziwiri.

Kavalo mmodzi wotere mtengo wake uposa khola lonse la ng'ombe, ndipo mwini wake afunitsitsa kupambana ndi kulandira mphotho. Koma taonani machitidwe ake. Samthamangitsa ndi mphamvu yonse tsiku ndi tsiku. Liwiro lalikulu amchititsa kamodzi kapena kawiri pa sabata. Masiku ena amyendetsa mofatsa, ndipo kawirikawiri ampatsa tsiku limodzi lopanda ntchito. Masiku onsewa awalemberatu mpikisano ukali kutali.

Palinso mpikisano wa ulendo wautali, m'mene kavalo ayenda makilomita 160 tsiku limodzi. Panjira pali malo oimapo, pamene madokotala a nyama amvetsera mtima wa kavalo. Ukapanda kutsika msanga kufikira kugunda ka 64 pa mphindi, kavaloyo amchotsa mumpikisano, ngakhale mwini wake alire bwanji. Ndipo bungwe la FEI, loyang'anira masewera a akavalo m'mayiko onse, linaika lamulo lakuti kavalo wotsiriza ulendo wotere asalowenso mpikisano wina kufikira atapita masabata angapo. Ulendo ukatalika, masiku akupumula achulukanso.

Achitiranji chotero anthu ofuna phindu? Chifukwa adziwa kuti ntchito yolemetsa ing'amba timinofu tating'ono m'thupi, nimaliza chakudya chosungidwa m'minofumo. Ndipo thupi likonza zong'ambikazo ndi kubwezeramo chakudyacho pa nthawi yakupumula. Kavalo wotopa kwambiri afuna masiku awiri kapena atatu kuti nkhokwe ya m'minofu yake idzalenso. Mitsempha ndi mafupa zichedwa kulimba koposa minofu. Motero mphamvu ya nyama imera pa tsiku lakupumula, ndipo pa tsiku la ntchito mwini wake angoikolola.

Ulendo wa ng'ombe m'munda mwanu

Wina adzati, Ng'ombe yanga sithamanga mpikisano, ingoyenda pang'onopang'ono. Tiyeni tiwerenge pamodzi. Khasu la ng'ombe, ndilo pulawo, litembenuza nthaka ya m'lifupi monga masentimita 25 pa ulendo umodzi. Kuti zitsirize ekala imodzi, ng'ombe ziyenda makilomita 16, zilikukoka chitsulo cholowa m'nthaka. Munthu wa maekala 4 ayendetsa ng'ombe zake makilomita oposa 60, ndiwo ulendo wonga wochoka pa boma la Mangochi kufika ku Monkey Bay. Ndani wa inu angasenze thumba la chimanga ulendo wotere osatula?

Kumbukiraninso nyengo imene ntchito imeneyi igwa. M'miyezi ya Okotobala ndi Novembala dzuwa la kunyanja liwotcha koopsa, msipu watha, tchire lapsa, ndipo ng'ombe zaonda kufikira nthiti ziwerengeka. Pamenepo ndi pamene mvula yoyamba igwa, ndipo tifuna kwa izo ntchito yolemetsa koposa ya chaka chonse. Tipempha zambiri kwa nyama pa nthawi imene ili nazo zochepa.

Ndiponso ng'ombe sikhuta msanga monga munthu. Ifuna maola 6 kufikira 8 akudya msipu, ndi maola enanso ambiri akugona pamthunzi ndi kubzikula, pakuti chakudya chosabzikulidwa sichipatsa mphamvu. Pa tsiku lotentha la ntchito ingamwe ndowa ziwiri za malita 20. Ng'ombe yokhala m'goli kuyambira mbandakucha kufikira dzuwa litapendeka yalandidwa ntchito yake yeniyeni, ndiyo kudya. Mawa idzalowa m'goli ndi njala ya dzulo.

Makonzedwe a sabata

Uphungu wathu ndi uwu. Mvula isanagwe, mwini banja akhale pansi ndi a m'nyumba mwake, ndi mnyamata woyendetsa ngolo, agawe masiku asanu ndi awiri a sabata m'magulu atatu.

Poyamba, masiku a ntchito yolemetsa, monga kugawula, kupanga mizere, ndi kututa mchenga kapena njerwa. Amenewa akhale anayi, ndipo asatsatane oposa awiri kapena atatu. Pa masiku otere ng'ombe zilowe m'goli kusanache bwino, zituluke dzuwa lisanakwere, monga pa 10 koloko. Maola anayi kapena asanu akwanira. Pakati pa ntchito muziziimitsa kanthawi kumapeto a mzere, kuti mpweya ubwerere.

Kachiwiri, masiku a ntchito yopepuka, monga kukatunga madzi pafupi kapena kupita kuchigayo ndi matumba owerengeka. Amenewa akhale awiri, ndipo aikidwe pakati pa masiku olemetsa.

Kachitatu, tsiku limodzi lathunthu lopanda goli konse. Pa tsikuli musazitsekere m'khola, pakuti nyama yotopa ikangoima malo amodzi iuma miyendo. Zipite kubusa m'mawa ndithu, zidye mwaufulu, zimwe kawiri. Pa tsiku lomweli mwini aziyang'ana bwino: apapase khosi ndi linunda ngati pali chotupa, ayang'ane pakati pa ziboda ngati pali munga kapena mwala, achotse nkhupakupa m'makutu ndi kunsi kwa mchira, asalaze goli pamene lakakala. Ntchito ya ola limodzi imeneyi ipulumutsa masabata ambiri.

Pa nyengo yonse yolima muzionjezera chakudya madzulo: madeya, mapesi a chimanga ndi masamba ouma a mtedza amene munasunga pa thandala pokolola, zipatso za mtengo wa msangu zimene zigwa m'chilimwe, ndi mchere pang'ono.

Pali kulakwa kwinanso kwa mbali ina. Ena asiya ng'ombe miyezi inayi osazigwiritsa kanthu, ndipo mvula itagwa azimanga m'goli tsiku lonse. Khosi lafewa, minofu yaiwala ntchito, ndipo pofika tsiku lachitatu pali chilonda. Eni akavalo satero. Ayamba ndi kuyenda, natsiriza ndi liwiro. Inunso yambani masabata awiri kapena atatu mvula isanafike, kuzikoketsa chipika kapena ngolo yopanda katundu ola limodzi pa tsiku, ndi kuonjezera pang'onopang'ono. M'mera mpoyamba.

Mawu a otsutsa

Tidziwa kuti ena adzakana, ndipo mawu awo ali ndi kulemera kwake.

Woyamba ati, Mvula sidikira munthu. Ndikapumitsa ng'ombe ndidzachedwa kubzala, ndipo wochedwa kubzala akolola njala. Nzoonadi. Koma mankhwala ake ndiwo kuyamba msanga. Gawulani minda mutangokolola, m'miyezi ya Meyi ndi Juni, nthaka ikali yofewa, ng'ombe zili zonenepa, ndi kunja kukali kozizira. Pamenepo mvula idzakupezani ndi ntchito yochepa. Ndipo ngati pa masabata awiri a mvula yoyamba mukakamizika kusandutsa tsiku lopepuka likhale lolemetsa, chitani chotero. Koma tsiku lopanda goli musalikhudze. Kuthamanga sikufika.

Wachiwiri ati, Ngolo ndiyo ndalama yanga. Tsiku lililonse pali wofuna kututa njerwa, nkhuni, kapena matumba a usipa ochokera kudoko. Ndikakana apita kwa wina. Bambo, werengani mbali zonse ziwiri. Chilonda cha pakhosi chikatseguka, kapena mwendo ukatsimphina, ng'ombeyo ikhala masabata osagwira ntchito; ndipo popeza goli lifuna ziwiri, inzake yamoyo ikhalanso chabe. Mwakana kutaya tsiku limodzi, ndipo mwataya mwezi. Ng'ombe yosungidwa bwino itumikira zaka zambiri, ndipo potsiriza igulidwa ndi mtengo wabwino. Yothodwa ifa msanga, kapena igulidwa ndi mtengo wa mafupa.

Wachitatu ati, Nyama sidziwa tsiku lopatulika. Koma m'buku la Eksodo, mutu 23, ndime 12, lamulo la kupumula tsiku lachisanu ndi chiwiri litchula ng'ombe ndi bulu pamodzi ndi anthu. Ndipo boma la Malawi lili ndi lamulo loteteza nyama, loletsa kuzisenzetsa katundu wopyola muyeso ndi kuziyendetsa mwankhanza.

Msampha wa kubwereketsa

Pano pali chinthu chimene chichitika makamaka kuno kwathu, kumene Asilamu ndi Akhristu akhala mudzi umodzi mwamtendere. Mkhristu apita kutchalitchi Lamulungu, nabwereketsa ng'ombe zake kwa mnansi wake Msilamu, nati, Lero sindizifuna. Msilamu nayenso apita kumzikiti Lachisanu, nabwereketsa zake kwa Mkhristu. Wa Sabata apumula Loweruka, nachita chimodzimodzi. Anthu onse apumula, aliyense pa tsiku lake, ndipo mitima yawo siwatsutsa. Koma ng'ombe zili m'goli masiku onse asanu ndi awiri.

Kubwereketsa ndi chinthu chokoma, ndipo sitikuletsa. Wopanda ng'ombe athandizidwe ndithu. Koma ntchito ya m'munda wa mnansi muiwerengere pa masiku anayi olemetsa aja. Ng'ombe ilibe kanthu ndi dzina la tsiku, lingakhale Lachisanu, Loweruka kapena Lamulungu. Chimene ifuna ndicho chakuti tsikulo likhalepo sabata ndi sabata. Pobwereketsa nenani poyera pamaso pa mboni ola lomasula goli, ndi yemwe adzazimwetsa madzi. Ndipo yang'anirani anyamata, pakuti ena atenga ngolo mobisa pa tsiku lakupumula kukachita ganyu wa m'thumba mwawo.

Zizindikiro zakuti mumasule goli pomwepo

Ngakhale tsiku lakupumula lisanafike, masulani nyama mukaona izi: ipuma wefuwefu kukamwa kuli yasa, ndipo sileka ngakhale itaima kanthawi, ituluka dovu lambiri, idzandira kapena kutsimphina, igona pansi m'munda, imene kale sinkatero, pakhosi pathothoka ubweya kapena patupa, usiku sibzikula. Mkwapulo suchiza chilichonse cha zimenezi. Itengereni pamthunzi, ipume, kenako imwe. Ikakhala yosadya kufikira mawa, itanani mlangizi wa ziweto wa m'dera lanu msanga, pakuti kutopa ndi nthenda ziyamba mofanana.

Kwa eni abulu tionjezera mawu awiri. Bulu abisa ululu wake. Angoima duu, mutu pansi, ndipo anthu ati ngwaliuma, pamene iye alikudwala. Ndiponso goli la ng'ombe silimyenera, pakuti alibe linunda, ndipo mphamvu yake ili pachifuwa ndi m'mapewa. Msokereni lamba wotambalala wa pachifuwa, wokutidwa ndi nsalu yofewa. Masiku ake akupumula akhale monga a ng'ombe.

Tsono, eni mabanja, musadikire mitambo. Sabata lino lomwe sankhani tsiku, muuze a m'nyumba mwanu ndi anansi anu onse, mulilembe pa chitseko cha khola ndi khala ngati mufuna. Nkhaniyi muikambenso pabwalo la amfumu, kuti eni ng'ombe a m'mudzi mwanu apangane chimodzi, wina asanyozedwe chifukwa chokana ganyu pa tsiku la nyama zake. Ndipo inu odziwa kuwerenga, werengerani kalata iyi anzanu amene sadziwa.

Tsalani ndi mtendere.