Anamwino akamadandaula za athandizi atsopano, tisafulumire kunena kuti ndi nsanje

Achinyamata anzanga, mukapita kukayezetsa magazi ku Ntaja, ku Ulongwe kapena pachipatala chachikulu ku Liwonde, kawirikawiri amene amakubayani chala si namwino. Ndi mthandizi woyeza magazi, uja amamutcha HDA, ntchito imene inayamba mu 2015. Wolondola kumudzi munthu amene wasiya kumwa ma ARV amakhala mlangizi wa zaumoyo, kapena mnzathu amene ali ndi kachilombo ndipo anadzipereka kulimbikitsa ena.

Anthuwa anawapepuza anamwino, zimenezo n'zosachita kufunsa. Pamene boma linayamba kupereka ma ARV aulere mu 2004, anamwino anali ochepa zedi, ena atapita kale ku Britain kukasaka malipiro abwino. Mu 2011 amayi oyembekezera onse opezeka ndi HIV anayamba kulandira mankhwala a moyo wonse, ndipo mu 2016 mwayiwu unafika kwa aliyense. Mizere imeneyo namwino yekha sakanaitha.

Nanga anamwino ena amadandauliranji? Namwino amaphunzira zaka zitatu kapena zinayi, amalembetsa ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndipo akalakwitsa atha kulandidwa chiphaso. Mthandizi amaphunzira masabata owerengeka. Zotsatira zikalembedwa molakwika, kapena wodwala akabwezedwa kunyumba chizindikiro choopsa chisanaonedwe, mafunso amakathera kwa namwino, amene nthawiyo mwina anali kuchipinda chochilira amayi. Athandizi anachuluka, koma nthawi yowayang'anira palibe anamuwonjezera.

Ena amati imeneyi ndi nsanje chabe. Ine ndikukana. Kansanje mwina kalipo, munthu ndi munthu, ndipo anamwino omwewa ankakayikiridwa pamene analoledwa kuyambitsa odwala ma ARV. Koma funso lawo ndi lathunso: akuyang'anira ndani?

Kwa ife nkhani yaikulu ndi chinsinsi. Mthandizi nthawi zambiri ndi wa m'dera lomwelo, amadziwa njira zonse, n'chifukwa chake amapeza msanga wosiya mankhwala. Koma amadziwanso azakhali anu, ndipo Lachiwiri mukumana naye pamsika. Mtsikana wa zaka 16 akangokayika kuti nkhani yake imveka, sabweranso. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kuulula za magazi a munthu popanda chilolezo chake, ndipo silisiyanitsa namwino ndi mthandizi.

Kalabu yanu iitane namwino ndi mthandizi tsiku limodzi, afotokoze pamaso panu ntchito ya aliyense, malire ake, komanso kumene mungakadandaule chinsinsi chikaululidwa. Ndipo amene wayamba ma ARV akaona zidzolo thupi lonse, maso achikasu kapena kusanza kosalekeza, asadikire tsiku la gulu. Apite tsiku lomwelo, akapemphe mthandiziyo amuperekeze kwa namwino kapena dokotala.